Chingwe Chimodzi Sichimanga Mfundo

Pa gombe lija pamene lero pali maambulera ndi mipando yogonerapo alendo, kale pankanunkha utsi ndi mamba a nsomba. Mudzi wake unali wobisika ngati chipsera cha m'khwapa. Kumbuyo kunali phiri, kutsogolo nyanja, ndipo njira yotulukira inali imodzi yokha, yamiyala, yoti ngakhale bulu ankayamba waima kaye n'kulingalira. Ogula nsomba ankatsika wapansi, njinga zawo atazisiya pamwamba pa chitunda.

M'mudzimo munali msodzi wina amene aliyense ankamutchula kuti a Kayatu. Dzinali analipata ndi pakamwa pawo. Akakocheza bwato litalemera mpaka madzi kunyambita m'milomo mwake, anzawo ankawazungulira n'kuwafunsa kumene anaponya ukonde. Iwo ankakanda m'mutu, n'kuyang'ana nyanja yonse ngati akuiona koyamba, kenako n'kuti, "Kayatu." Ana a m'mudzimo anakula akuganiza kuti ndilo dzina limene anabadwa nalo.

Komatu musawayese munthu wouma mtima. Asodzi onse a pamenepo anali otero, kungoti a Kayatu anapambana anzawo. Panyanja palibe chulu, palibe chitsa, palibe mphambano. Kuti munthu abwerere pamene anapha dzulo, ankachita zimene iwo ankati kumanga madzi. Ukakhala m'bwato umayang'ana kumtunda n'kupeza zinthu ziwiri, china pafupi china patali, zimene zaima pa mzere umodzi m'diso lako, monga mtengo ndi thanthwe la kumbuyo kwake. Mzerewo ankautcha chingwe. Ukatero umatembenukira mbali ina n'kupezanso zina ziwiri, chingwe chachiwiri. Pamene zingwe ziwirizo zakumana, pansi pa bwato lako, ndiye pa mfundo. Mfundo za munthu zinali nkhokwe yake. Ankazisiyira mwana wake, ndipo ankamuuza ali pamadzi, kutali ndi makutu a anthu. Pamtunda mfundo sinkatchulidwa, ngakhale kuiloza ndi chala.

Woti adzalandire mfundo za a Kayatu anali mwana wawo woyamba, amene pabanjapo ankangomuti Chisamba mpaka anamera ndevu. Anali wamtali, wamanzere, wokonda kuimba ngakhale mawu ake anali ngati a chitseko chosowa mafuta. Akagwira nkhafi, bwato linkakhotera mbali imodzi, ndipo a Phula, mnzawo wa a Kayatu amene ntchito yake inali yomata mabwato, ankati mnyamatayu tsiku lina adzapita kunyanja n'kudzipeza wabwerera kwawo asanafike kulikonse. Chisamba ankaseka n'kuwayankha kuti ndi bwato lawo lomata mokhota.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, mphepo inatembenuka osachenjeza. Bambo ndi mwana anali pakati pokoka ukonde. Funde loyamba linawadzaza madzi, lachiwiri linagubuduza bwato. A Kayatu anatulukira pafupi ndi bwatolo n'kuligwira. Chisamba mwendo wake unakodwa mu ukonde, ndipo ukondewo, ndi miyala yake yonse, unatsika naye. Bambowo anamira kumufuna, n'kutuluka, n'kumiranso, mpaka m'makutu munatuluka magazi. Mphamvu zitatha anagona chafufumimba pamsana pa bwato. Pamenepo maso awo anachita okha ntchito imene anazolowera. Anadzutsa mutu n'kumanga madzi. Mkuyu waukulu wa kuseri kwa nyumba yawo unali utaima pakati penipeni pa mpata wa phiri, pamene phirilo lili ngati mkamwa moguluka dzino. Kudzanja lamanzere, nsonga ya thanthwe loyera inali itangokhudza mchira wa chilumba.

Mtembo sunayandame. Mudzi wonse unafunafuna m'magombe ndi m'mabango, koma nyanja inakana kubweza.

Amake Chisamba anali mwana wa kumapiri. Anakwatiwira kunyanja, anakalambira pa ntchito yowamba nsomba, koma phazi lawo linali lisanapondepo m'bwato. Mwana atapita, anasiya ngakhale kuchapira kugombe, n'kumakatunga madzi ku chitsime cha kutali. Chimene chinkawadya kwambiri chinali chakuti analibe manda oti akasesepo. Amayi anzawo oferedwa ankadziwa pamene ana awo agona. Iwo akayang'ana ankangoona madzi okhaokha, ofanana kuyambira kuno mpaka kumene diso lalekezera.

Choncho a Kayatu anayamba kumapita kunyanja masiku ena opanda ukonde, opanda mbedza. Ankapalasa mpaka mkuyu ulowe mu mpata wa phiri, thanthwe likhudze chilumba, ndipo pamenepo ankaika nkhafi pamiyendo n'kukhala. Nthawi zina ankamuuza mwanayo za kumudzi, kuti mlongo wake wakula, kuti denga layambanso kudontha. Akabwerera, mayiwo ankawafunsa asanawapatse n'komwe madzi osamba m'manja.

"Mwafikako?"

"Ndafikako."

"Kuli bwanji?"

"Kuli bata."

Basi. Mayiwo sankafunsa zingwe zake, bambowo sankazitchula. Mawu ochepawo ndiwo anali manda a Chisamba, ndipo banjalo linakhalira pamenepo zaka zambiri.

Chakudza sichiimba ng'oma. Alendo oyamba anatsika chitunda chija atabereka zikwama zazikulu ngati ana, n'kukhoma timatenti pafupi ndi mathandala oyanikapo nsomba. Anthu ankaima patali kuwaonerera akugona pamchenga dzuwa likuswa mtengo. A Phula ankati nsomba zamtundu uwu n'zabwino, chifukwa zimadziyanika zokha n'kumadzitembenuzanso zokha. Aliyense ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame awa sanakamuke. Amene anabwera anakauza anzawo, anzawowo anabwera ndi anzawo. Njira ya bulu ija inakulitsidwa, kenako anaithira phula. Mitengo ya magetsi inatsika phiri ili pamzere. Kunabuka nyumba zogona alendo, malo odyera, timashopu togulitsa zipewa ndi zigoba zopaka utoto.

Sizinali zoipa zokhazokha, tisaname. Kunabwera mpopi wa madzi, kunamangidwa chipatala chaching'ono kumtunda, ndipo nyumba zambiri zinafoleredwa ndi malata. Mzime, mwana wotsiriza wa a Kayatu, anapeza ntchito yoyala mabedi, ndipo ndi amene ankagulira amayi ake mankhwala a chifuwa, poti utsi wa zaka zonse zija unali utakhazikika m'mapapo mwawo. Koma doko analisamutsira kuseri kwa miyala chifukwa alendo ankadandaula ndi fungo. Mathandala anazulidwa. Anyamata anasiya maukonde n'kuyamba kunyamula alendo pa maboti a injini. Madzulo, pamene kale pankamveka akuluakulu akukangana za mphepo, panayamba kumveka nyimbo za chilankhulo chachilendo.

Kenako kunabwera mayi wina wa mumzinda, wolankhula mofatsa, amene ankafuna kumanga hotela yaikulu pamzere wa nyumba za kugombe. Anthu anawalonjeza malo atsopano kumtunda, pafupi ndi chipatala. Oyandikana nawo anavomera mmodzimmodzi, mpaka nyumba ya a Kayatu inatsala yokha pakati pa mabwinja. Mzime anawachonderera bambo ake. Anawakumbutsa kuti amayi akatsokomola usiku palibenso woyandikana naye woti athandize kuwanyamula, ndiponso kuti kumtunda mpweya ndi wouma. Bambowo anakana mpaka anatopa n'kukana. Potsiriza anati avomera, koma akufuna aonane ndi mwini hotelayo pamaso.

Anakumana pansi pa mkuyu. A Kayatu anavula chipewa n'kunena kuti nyumba agwetse, khola agwetse, koma mtengo uwu usadulidwe, ngakhale nthambi yake ya pamwamba. Mayiyo anafunsa mwaulemu ngati pali munthu amene anaikidwa pansi pake, kapena ngati pali china chimene ayenera kudziwa, kuti omanga asalakwitse. Linali funso labwino, lofunsidwa ndi mtima wabwino. A Kayatu anayang'ana mtengowo, anayang'ana phiri kumbuyo kwake, mawu anafika pakhosi. Koma anali pamtunda, ndipo kapitawo wa omanga anali ataima pomwepo ndi anthu ena. Anakanda m'mutu.

"Ndi mtengo chabe, mayi. Koma usadulidwe."

Mayiyo anamwetulira n'kulonjeza. Anati alendo amakonda mitengo ikuluikulu, ndipo akanakhala wopusa kuudula.

A Phula ndiwo anaona kuti nkhaniyo yatsala theka. Sankazidziwa zingwe za mnzawo, koma anali munthu wa panyanja, ankadziwa kuti msodzi salirira mthunzi. Pobwerera anawakoka malaya.

"Achimwene, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mtengo uli ndi mnzake. Bwanji simunamutchule mnzakeyo?"

"Mnzakeyo ndi woti palibe angamunyamule," anatero a Kayatu. "Musade nkhawa."

Ndipo zinali zoona. Phiri ndani angalisunthe?

Anasamukira kumtunda, m'nyumba ya zipinda ziwiri yonunkha simenti. Chaka chimenecho a Kayatu miyendo inawatupa, ndipo bwato lawo, limene linali litakalamba ngati mwini wake, linang'ambika pansi n'kukhala kwa a Phula kudikira kumatidwa. Kunyanja sanapiteko nyengo yonse ya mphepo ndi ya mvula. Koma akapezako bwino ankatsika ndi ndodo kukasuzumira pa mpata wa mpanda wa malata umene omanga anazunguliza malowo. Mkuyu unalipo. Anaumangira ngakhale kakhoma kozungulira koti anthu azikhalapo. Kapitawo anawazolowera mpaka ankawatchula kuti agogo a mtengo, n'kumawauza kuti mwana wawo wadya kale, wagona bwino. A Kayatu ankaseka, n'kubwerera mtima uli m'malo. Makoma ankakwera kumbuyo kwa mtengowo, koma munthu ukaima pansi pake phiri umaliona bwinobwino cha pambali. Chingwe sichioneka uli pamtunda.

Miyendo itaphwa, bwato litamatidwa, anapalasa m'mawa wina nyanja ili phee. Anapeza thanthwe loyera n'kulikhudzitsa mchira wa chilumba. Kenako anatembenuka kuti alowetse mkuyu mu mpata wake. Mkuyu anauona, wobiriwira kuposa kale. Kumbuyo kwake kunali khoma loyera la nyumba yosanjikizana, lalitali, la mawindo ofanana ngati mano a chipeso. Mpata wa phiri kunalibe.

Anayesa kusendera kumanja, anayesa kumanzere. Anapalasa kulowa mkati, kuganiza kuti mpatawo utulukira pamwamba pa denga, koma pamene unayamba kuonekera anali atafika kutali, ku madzi akuda kumene iwo ndi Chisamba sanaponyeko ukonde chibadwire. Anabwerera. Anayesa kukumbuka kuti mpatawo ungakhale kuseri kwa windo liti, koma kusiyana kwa windo limodzi kumtunda ndi mtunda wautali pamadzi. Anakhala akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira, mpaka dzuwa linawawotcha pakhosi. Mayi uja anasunga lonjezo lake lonse. Chimene anapemphedwa anachita. Chimene sanauzidwe sakanachilota.

Atafika kunyumba, amake Chisamba anafunsa monga mwa masiku onse, ndipo iwo anayankha monga mwa masiku onse. Linali bodza loyamba limene anawauza mayiwo pa nkhani ya mwana. Chakudya anangochitola pang'ono n'kukankha mbale.

Anapitanso kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankabwera ndi bodza lomwelo. Tsiku lina anatsika mpaka pa geti la hotela atavala malaya awo abwino. Mlonda, amene anali mwana wa mnansi wawo wakale, anawafunsa ngati akufuna kuonana ndi bwana. A Kayatu anaima n'kuyang'ana makatani akuuluka m'mawindo a pamwamba. Akanakanena chiyani? Kuti agwetse nyumba yonse chifukwa cha nkhalamba imene inafunsidwa n'kukana kuyankha? Anauza mlondayo kuti amangodutsa. A Phula atamva kuti khoma labisa mnzake wa mtengo uja, sanawanyoze kapena kuwakumbutsa zimene ananena. Anangopukusa mutu n'kuti madzi akatayika saoleka, kenako anapitiriza kusungunula phula lawo, maso ali pamoto.

Chifuwa cha amake Chisamba chinakula. Anaonda mpaka zibangili zinkagwa zokha m'manja. M'mawa wina, Mzime akuwapesa tsitsi pakhonde, ananena mwakachetechete kuti akufuna awatengereko kumene kuli mwana wawo, kamodzi kokha, miyendo isanakaniretu. Mzime anakana, anati mphepo ya panyanja iwapha. Mayiwo anayankha kuti chowapha chili kale m'nyumba, sichikudikira mphepo. A Kayatu anapereka zifukwa, za bwato, za mafunde, za dzuwa. Mayiwo anangowayang'ana mpaka zifukwazo zinatha.

A Phula anawabwereka bwato lawo lotakata. Potsikira kudoko anadutsa kanjira ka m'mbali mwa hotela, ndipo mayiwo anaima kupumira pa mpanda. Pansi pa mkuyu, pamene kale ankayanika zovala za ana awo, panali matebulo, ndipo alendo ankamwa zakumwa zamitundumitundu ndi timapaipi. M'nthambi munali mutakulungidwa timagetsi. Mayiwo anati mtengowo wanenepa, zikuoneka kuti ukudya bwino kuposa eni ake. Mzime ndi a Phula anawakweza m'bwato n'kuwakhazika pa mtsamiro, ndipo anatsala pagombe.

Mayiwo anagwira m'milomo mwa bwato ndi manja onse awiri, maso atatsinzina. A Kayatu anapalasa mofatsa ngati anyamula mazira. Anagwira chingwe chotsalacho, thanthwe ndi chilumba, n'kuyenda nacho. Mumtima anali atakonza kale. Adzaima penapake, adzati ndi pano, mayiwo adzalira, adzabwerera, ndipo adzafa ndi mtendere. Kodi madzi sali chimodzimodzi ponseponse? Atafika pamene anaganiza kuti mwina n'kufupi, anaika nkhafi pamiyendo. Bwato linaima. Mayiwo anatsegula maso.

"Tafika?"

A Kayatu anaweramitsa mutu n'kuyang'ana pansi m'bwato.

"Bambo ake, ine za panyanja sindizidziwa. Koma ndakhala ndi msodzi moyo wanga wonse. Munthu wofuna malo amayang'ana kumtunda. Inu mukuyang'ana zala za kumapazi."

Pamenepo nkhalambayo inagonja. Inakweza dzanja n'kuloza mkuyu, ndi chala chenicheni, n'kufotokoza zonse: za mpata wa phiri, za funso la mwini hotela, za khoma loyera, ndi za masiku onse amene inati yafikako isanafikeko. Inalankhula ngati mwana woulula kuti waswa mtsuko, mawu akuduka.

Mayiwo anamvetsera mpaka pamapeto. Anati anadziwa kalekale kuti pali chimene chavuta, chifukwa kale bambowo akachokera kwa mwana ankadya ngati munthu amene wachezera m'bale wake, koma masiku ano ankabwera ndi nkhope ya munthu amene wapeza pakhomo potseka.

"Mpata umenewo ndinkauona tsiku lililonse ndikamayanika zovala," anatero. "Mukanandiuza ine. Lamulo lanu la asodzi silinandimange pakamwa. Ndikanapita kwa mayi uja n'kumugwira mwendo."

"Ndinkati ndikumusunga."

"Munamusunga, inde. Mpaka kwa amake."

Sananene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake anawalasa kwambiri. Bwato linkagwedezeka pang'onopang'ono. Kugombe kunkamveka ana a alendo akukuwa m'madzi osaya. Mayiwo anatsokomola nthawi yaitali, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu.

Kenako anafunsa ngati zonse zatayika. A Kayatu anati chatsala chingwe chimodzi, ndipo anawaonetsa nsonga ya thanthwe loyera pamene yakhudza chilumba. Anafotokoza kuti bwato likamayenda zinthu ziwirizo zisakulekana, ndiye kuti lili pa chingwecho, koma chingwe n'chachitali, chimayambira pafupi ndi miyala mpaka kukalowa ku madzi akuda, ndipo chopanda chinzake sichinena pamene munthu aime.

"Koma mwanayo ali pa chingwe chimenechi?"

"Ali pomwepa. Penapake."

"Ndiye bwererani poyambira pake, mupalase chonse."

A Kayatu anatembenuza bwato n'kubwerera kufupi ndi miyala, n'kuyambapo. Mayiwo anamasula dzanja limodzi pa mlomo wa bwato. Linatsika n'kulowa m'madzi mpaka m'kasukusuku, chikhatho chili chotambasula ngati cha munthu wofufuza mwana pamphasa mumdima. Madzi ankadutsa pakati pa zala zawo. Anayamba kulankhula motsitsa, osati kwa amuna awo. Anamuuza Chisamba kuti anasamuka, kuti nyumba yatsopano ili ndi mpopi pakhomo, kuti mlongo wake amayala mabedi a anthu osawadziwa ndipo msana umamupweteka. Anamuuza kuti bambo ake akalamba koma mutu ndi womwe uja. Akatha nkhani ankayambiranso, poti sankadziwa kuti mwanayo wamva ali pati.

Boti la injini linadutsa chapafupi litadzaza alendo ovala majekete ofiira. Ataona nkhalamba ziwiri m'bwato lamatabwa anakondwa, anakweza manja, ena anajambula. Mafunde a botilo anafika n'kuligwedeza bwato mwamphamvu, madzi n'kuwathira mayiwo pamiyendo. Dzanja lawo silinatuluke m'madzi.

A Kayatu anapitiriza kupalasa, diso lili pa thanthwe, mapewa akuyaka moto. Madzi anasintha mtundu, anayamba kudera, ndipo iwo anadziwa kuti pamene pali mwana adutsapo kale, kaya posachedwa kaya kalekale. Anauza mayiwo kuti chingwe chathera apa, kutsogoloku sanafikeko ndi Chisamba.

Mayiwo anatulutsa dzanja, litachita makwinya ndi kuzizira, n'kuliyang'ana. Kenako anasendera mbali ina ya bwato movutikira, n'kuviika linzake.

"Tibwerere momwemo," anatero. "Koma musathamange. Ulendo woyambawu munathamanga."